Nsinjiro za m'Chidebe Chofiira

Fakitale ya chiponde ya ku Njewa inali yaukhondo mochititsa manyazi. Munthu wochokera ku Chinsapo, miyendo ili mbuu ndi fumbi, ankafika pageti n'kuyamba kudzipukuta yekha asanauzidwe. Denga lonse linali masola okhaokha, moti magetsi akazima m'tauni makina a kumeneko sankadziwa n'komwe. Makoko a mtedza ankawapera, kuwapanikiza m'makina, n'kutuluka timakala tozungulira timene ankasonkhezera ng'anjo yokazingira mtedza womwewo. Madzi okolopera ankapita ku nthochi za kuseri. Mabotolo ankabwerako kumashopu kudzatsukidwa. Pakhoma loyang'ana kumsewu panali mawu aakulu obiriwira akuti PANO SITITAYA KANTHU, ndipo alendo ochokera kunja ankakonda kujambulitsa ataima pansi pake, mano onse ali pamtunda.

Mawu a pakhomawo Olipa ankagwirizana nawo ndi mtima wonse, mwina kuposa amene anawalemba. Anali mayi wa ku Ntcheu, wolera yekha mwana wake wamkazi, Tiyese, wa zaka zitatu. Mwamuna wake Ernest anapita ku Joni mwanayo asanayambe kuyenda, ndipo mafoni ake anayamba atalikirana, kenako anangoti zii. Munthu wotereyu simumuphunzitsa kusataya zinthu. Sopo akatha ankamata kachidutswa pa sopo watsopano, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati anatayapo jumbo yosabooka.

Ntchito yake inali pa lamba wosankhira. Mtedza woswaswa unkadutsa pamaso pa amayi ovala zipewa zoyera, iwo n'kumatola wofota, wosweka, wamadontho akuda ndi wachuku, kuponya m'zidebe zofiira zimene zinali kumapazi kwawo. Mtedza wotolawo ankautcha malijekiti. Poweruka zidebezo ankazinyamula kupita nazo kung'anjo, n'kukhuthulira pamoto limodzi ndi makoko. Tsiku loyamba kuona zimenezo, Olipa anaima n'kumangoyang'ana motowo. Chinali chakudya, ndipo chinkapsa anthu akuonerera, fungo lake labwino likufika mpaka kumsewu kumene ana ankadutsa pochokera kusukulu.

Sikuti amayiwo sanauzidwe. Pamela, mtsikana woyang'anira lamba, anawakhazika pansi tsiku lomwe analembedwa ntchito. Anali wophunzira koma wopanda matama, ndipo analankhula Chichewa chomveka bwino.

"Amayi, chuku chili ndi poizoni," anatero. "Poizoni ameneyu sachoka ndi madzi, safa ndi moto. Ogula athu kunja amayeza katundu yense, akapeza pang'ono pokha amabweza. N'chifukwa chake malijekiti timawotcha. Pasapezeke wotuluka nawo pageti, ameneyo ntchito yatha."

"Inde madamu," anayankha amayiwo pamodzi ngati ana a sukulu.

Koma atangotuluka pageti, Fatu anaseka mpaka kugwira pamapewa a Olipa. Fatu anali neba wake wa khomo loyang'anizana, mayi wa ku Mangochi wapakamwa pothwa ndi mtima wopatsa. Awiriwa anadziwana kale ku Mgona, kumene ankaswa ndi kusankha mtedza wa mavenda.

"Poizoni wake uti, amake Tiyese? Ife takula ndi chiyani? Azungu m'mimba mwawo ndi mofewa, awasamale okha. Ife ndiye tiziwotcha ndiwo?"

Fatu sankanama. Ku Mgona lamulo linali lodziwika ngakhale silinalembedwe paliponse: wabwino ngwa mwini katundu, wotsala ngwa wosankha. Kumudzi nakonso zinali chimodzimodzi. Mtedza wonona unali wogulitsa ndi wa mbewu, wofota unali wa nsinjiro, ndipo amayi awo ndi agogo awo anatendera masamba ndi mtedza wotero mpaka kukalamba. Amayiwa sanali opusa. Chimene sanachiganize n'chakuti kumudzi munthu amasankha lichero limodzi, mbewu zoola ziwiri zitatu n'kusochera pakati pa zofota zabwinobwino. Kuno lamba ankabweretsa mtedza wa minda yosawerengeka ya ku Mchinji ndi ku Kasungu, ndipo choipitsitsa cha munda uliwonse chinkathera m'chidebe chimodzi chimene chinali kumapazi kwa Olipa.

Miyezi yoyamba iye sanatenge. Anzake anali atasoka timatumba tomangira m'chiuno pansi pa chitenje, ndipo mlonda wa pageti, a Abdullah, bambo wachikulire waulemu wake, ankasuzumira m'zikwama mokha. Amayi akamadutsa chiuno chitanenepa kuposa m'mawa, iwo ankayang'ana mitambo ngati akufuna kudziwa za mvula. Olipa ankadutsa chiuno chake chomwecho cha m'mawa, chifukwa ankaopa ntchito.

Chinamusintha ndi sikelo. Namwino atamukweza Tiyese pa sikelo, anapukusa mutu n'kumuyang'ana Olipa pamaso pa amayi onse.

"Mayi, mwanayu akubwerera m'mbuyo. Phala lamadzimadzi lokha silimanga thupi. Muzithira nsinjiro tsiku lililonse. Simukuti mumagwira ntchito ya mtedza inu?"

Amayi ena anaseka. Olipa anabereka mwana wake n'kutuluka. Mtedza wa pamsika unali utakwera chikwerereni, chifukwa wabwino wonse unkathamangira kumafakitale ndi kunja, ndipo botolo la chiponde chimene iye ankasankhira mtedza wake linali la anthu a ku Area 18. Madzulo a tsiku lomwelo Fatu anamubweretsera kathumba kosoka kale, ka nsalu ya yunifolomu yakale, zingwe zake zolimba bwino.

"Mangani, amake Tiyese. Si kuba kumeneku. Mukuba chiyani poti iwo akukawotcha?"

Olipa anali mayi waukhondo, ndipo malijekiti akewo ankawasamala kuposa mmene fakitale inkasamalira mtedza wopita kunja. Ankachotsa akuda bii, otsalawo kuwatsuka kawiri, kuwayanika padenga, kuwakazinga mpaka kununkhira, kusinja ndi kusefa. Phala lake linkawawira pang'ono kukhosi, iye n'kuwonjezera shuga. Iye ndi Fatu ankasinthana mashifiti, wina akakhala kuntchito wina ankatsala ndi ana, choncho Tiyese ndi Raisa, mwana wa Fatu, ankadyera mbale imodzi pakhonde. Tiyese ndiye anali wadyera, ankamaliza mbali yake n'kulowerera ya mnzake. Raisa anali wonyanyala pa chakudya, ankangonyambita supuni n'kuthawira kukasewera.

Chondipweteka pa nkhaniyi n'chakuti poyamba zinayenda. Tiyese anayamba masaya. Ulendo wina wa kusikelo namwino yemwe uja anamukweza m'mwamba mwanayo kuti amayi onse aone, n'kunena kuti atengere chitsanzo kwa amake Tiyese. Olipa anabwerera kunyumba akuimba nyimbo ya kwaya njira yonse, ndipo kuyambira pamenepo kathumba kanayamba kudzaza kwambiri.

Mvula itayamba, kunabwera mtedza umene unakhalitsa m'nkhokwe zodontha. Mavenda enanso anali atauwaza madzi kuti usavute kuswa, monga amachitira. Zidebe zofiira zinkadzaza dzuwa lisanafike pamutu. Pamela ankayenda uku ndi uku foni ili kukhutu, akukangana ndi anthu ogulira fakitale mtedza kumidzi, pamene amayi a pa lamba ankatsinana m'munsi mokondwa. Kwa iwo inali nyengo ya zokolola.

Tiyese anayamba ndi kusanza. Olipa anati ndi malungo, anagula mapilitsi pa okala, koma sizinasinthe. Mwana wadyera uja anayamba kukana phala, kutembenuzira nkhope kukhoma. Ndipo apa mpamene mayi aliyense wa ku Chinsapo akanachita zomwe Olipa anachita: mwana wofooka amafunika chakudya champhamvu. Anaphika phala la nsinjiro zambiri kuposa kale, anamukhazika pamiyendo, anamugwira manja, n'kumamuthira m'kamwa supuni ndi supuni, akumunyengerera ndi kumuopseza mosinthana.

"Meza mwanawe. Meza kuti uchire. Ukapanda kumeza ndikusiya wekha."

Tiyese ankameza, misozi ikutsikira m'makutu, chifukwa anali mwana womvera.

Mimba itayamba kutupa ndiponso mapazi atayamba kukana nsapato, Olipa anamubereka kupita naye kuchipatala chachikulu. Dokotala amene anawaona anali bambo wotopa, wolankhula motsitsa. Anamugoneka mwanayo, anadina pansi pa nthiti za kumanja, Tiyese n'kubuula. Kenako anaika chala chachikulu pansi pa diso la mwanayo n'kukokera chikope m'munsi. Pamene panayenera kukhala poyera panali chikasu. Olipa anali ataziona kale masiku angapo, koma ankadziuza kuti ndi kuwala kwa m'nyumba.

"Amadya chiyani kunyumba, mayi?"

"Phala la nsinjiro, adokotala. Tsiku lililonse, sindidumphitsa." Anayankha monyadira, poti apa pokha ankadziwa kuti sanalakwe.

"Mtedza wake mumagula kuti?"

Dokotalayo anadikira, osamufulumizitsa. Pamapeto pake Olipa anafotokoza za lamba, za chidebe chofiira ndi za kathumba, akuyang'ana pansi.

"Koma ndimatsuka, adokotala. Ndimakazinga mpaka kupsa bwinobwino."

"Sindinganene motsimikiza popanda kuyeza mtedzawo," anatero bamboyo. "Koma malungo tayeza mulibe, ndipo chiwindi cha mwanayu chavulala kwambiri. Poizoni wa chuku sachoka ndi madzi, mayi. Safanso ndi moto."

Anali mawu omwewo a Pamela, osasintha ngakhale limodzi. Olipa anawamva ulendo uno. Anakhala pa benchi ya m'wodi manja ali pamiyendo, akuwayang'ana manjawo, amene anatsuka kawiri, kuyanika, kukazinga, kusinja, kenako kugwira timanja ta mwana kuti asakankhe supuni. Chisoni chinabwera pambuyo pake. Choyamba chinali manyazi aakulu, oti sakanatha kuuza munthu.

Ndipo sanauzedi munthu. Fatu ankabwera ndi tiyi m'fulasiki n'kumafunsa kuti madokotala akuti chiyani, Olipa ankangoti akuti chiwindi. Ankafuna kunena, koma ankaopa. Akanena, ndiye kuti wavomera kuti mwana wamudwalitsa yekha. Akanena, nkhani ifika kufakitale, ndipo amayi onse a pa lamba, aliyense ndi ana ake ndi lendi yake, aona msana wa njira. Ankadziuza kuti anena Tiyese akachira.

Tiyese anamwalira m'mawa wina kukuwala bwino, anthu ogulitsa nthochi akufuula kunja kwa mpanda wa chipatala.

Maliro anachitikira ku Chinsapo, pa nyumba ya lendi ija. Kampani inachita zaulemu, tisainamizire. Inatumiza galimoto ndi matumba a timakala ta makoko toti aphikire, ndipo Pamela anabwera yekha atavala chitenje ndi duku, n'kukhala pamphasa pakati pa amayi ngati wina aliyense. Olipa anali m'nyumba pafupi ndi kabokosi, atazunguliridwa ndi amayi a kumpingo amene ankaimba motsitsa. Mwini maliro satuluka, saphika, safunsa za kukhitchini. Ntchito yake ndi kulira ndi kulandira opepesa, zina zonse amamuchitira anzake.

Dzuwa litakwera, Fatu analowa chokwawa, maso ali psuu, n'kugwada pambali pake. Anali asanagone chimwalirireni mwanayo, ndiye ankayendetsa zonse za kuseri.

"Amake Tiyese, za ndiwo musadandaule," ananong'oneza. "Ife a pa lamba tasonkha. Aliyense wabwera ndi kathumba kake, nsinjiro zadzaza beseni. Tatendera mpiru. Ana ndiwo ayambe kudya, tisanapite kumanda."

Anazinena mwachikondi, ngati munthu wopereka chinthu chokhacho chimene ali nacho. Ndipo fungo linali litalowa kale m'nyumbamo, fungo la mtedza wokazinga bwino.

Olipa anaimirira. Mayi wina wa kumpingo anamugwira chitenje, wina anamugwira mkono, akuganiza kuti akufuna kudzigwetsera pabokosi. Anawasasa onse awiri. Anatuluka wopanda nsapato, duku litagwera paphewa, anadutsa pakati pa azibambo amene anali pamabenchi, nyimbo n'kudukira pakati.

Kuseri kwa nyumba ana anali atawakhazika pa chiguduli, mbale zili m'manja, ndipo mayi wina anali atayamba kugawa. Olipa anapita molunjika pa poto wamkulu uja. Sanafune kansalu. Anamugwira ndi manja ali pamoto pomwepo, anayenda naye mpaka pa ngalande, n'kukhuthula. Mpiru wotendera unayenderera m'madzi akuda a ngalandeyo. Anabwerera, ananyamula beseni la nsinjiro zotsala n'kulikhuthulira pa timakala ta kampani tija, utsi wake n'kukwera wonunkhira ngati wa ku Njewa poweruka. Kenako anayenda pa mzere wa anawo akulanda mbale imodziimodzi. Wina analira. Raisa anangomupatsa yake, poti iye chakudya sankachifuna n'kale.

"Mugwireni, mutu wazungulira," anatero bambo wina.

Mayi wachikulire wa pa mzere wa nyumbazo anafika atakwiya. "Olipa mwananga, kulira timalira tonse, koma chakudya cha pamaliro sititaya. Anzako asonkha ndi mtima umodzi. Ukufuna anthu apite kumanda ndi njala? Tatiuza, chalakwika n'chiyani?"

Anthu anali atadzaza kuseriko. Olipa anayang'ana amayi a pa lamba, amene anaima pamodzi pafupi ndi moto, mithiko ili m'manja. Ena anali atayamba kuzindikira, ndipo maso awo ankamupempha kuti asanene. Pambuyo pawo panaima Pamela. Zikhatho za Olipa zinali zitayamba matuza koma sankazimva. Akanatha kungogwa pansi n'kulira, anthu akanati ndi chisoni, akanamunyamula kubwerera naye m'nyumba, ndipo mawa lake timatumba tikanadzazanso.

"Ndi malijekiti," anatero. Mawu ake anali ouma, osakweza. "Nsinjiro zimenezi ndi malijekiti a m'chidebe chofiira. Tonse timatenga. Ine ndinkamupatsa Tiyese tsiku lililonse, akakana ndinkamugwira manja. Adokotala akuti chiwindi chinavulala ndi chuku. Ndinatsuka, ndinakazinga, sizinathandize. Mwana ali m'bokosimo ndamudyetsa ndine."

Pamela anakhala pansi padothi pomwepo, chitenje chake chatsopano osachiganizira, n'kubisa nkhope m'manja. Sankalirira mtedza wobedwa. Miyezi yonseyo ankaona ziuno zija pageti, iyenso n'kumayang'ana kumbali, poganiza kuti akuwachitira chifundo. Mayi mmodzi wa pa lamba anaika mthiko pansi mwakachetechete n'kuzemba kudzera kuseri kwa bafa, ndipo wina anamutsatira.

Fatu anafika pafupi kwambiri, nkhope itauma, n'kulankhula ndi mano okha kuti ena asamve.

"Mwatimaliza, amake Tiyese. Pamaso pa madamu? Ana athu adya chiyani tsopano? Ine ndakulakwirani chiyani, ine amene sindinagone chimwalirireni mwana wanu?"

Raisa anali ataima pambali pa mayi ake, atagwira chitenje chawo, akuyang'ana mpiru wa mu ngalande. Olipa anagwada pamaso pa mwanayo. Anamugwira chibwano mofatsa n'kumutembenuzira kudzuwa. Kenako anaika chala chake chachikulu chamatuza pansi pa diso la mwanayo, n'kukokera chikope m'munsi, monga anachitira dokotala uja.

Anayang'ana nthawi yaitali. Anaonanso diso linalo. Chikasu chija chinali chitayamba.

"Amake Raisa," anatero Olipa, asanachotse chala. "Kumanda musapite. Tiyese timuika tokha. Berekani mwanayu muzipita kuchipatala pompano, ndipo akakufunsani zimene amadya, mukanene zonse."

Fatu anawerama kuti aone yekha. Ataona, anamasula chitenje chake cha pamwamba, n'kutembenuka kuti mwana akwere kumsana. Chitenjecho chitachoka, kathumba kake kanaonekera m'chiuno, kopanda kanthu, zingwe zake zolimba bwino. Anabereka mwanayo n'kuyamba kuthamanga kulowera kumsewu wa minibasi, ndipo anthu a pamaliro anamupatsa njira.

Olipa anadzuka, anabweza duku kumutu, n'kubwerera m'nyumba kukakhala pafupi ndi kabokosi.